Nyumba yopanda khonde

Lachinayi, mwezi wa Juni. Kwazizira tsiku lonse, nkhungu sinachoke kuno ku Bembeke.

Mwana wanga Agnesi wanditumizira zithunzi pafoni kuchokera ku Copenhagen, kutsidya kwa nyanja, komwe akugwira ntchito. Ndi nyumba zoyera, denga lake lathyathyathya ngati tebulo, khoma lina galasi lokhalokha. Akuti zina ndi zakale kuposa agogo ake, koma zikuoneka ngati azimanga dzulo. Iye ndi amuna ake akufuna kundimangira yotere kumtunda kwa munda wa kachewere.

Ndawaonetsa a Phiri, amisiri athu. Ayang'anitsitsa, kenako afunsa, "Khonde lili kuti, mayi? Alendo azifikira pati?"

Ine za khonde sizikundivuta. Chandivuta n'chakuti m'kati mulibe makoma: pophikira, podyera ndi pochezera ndi chipinda chimodzi. Chikwatiwireni Agnesi, akamwini anga sanandionepo ndikudya, ndipo tikakumana panjira amapatuka. Nditamukumbutsa Agnesi zimenezi, wangoseka. "Amayi, kunotu apongozi amadyera tebulo limodzi!"

Ndavomera kuti amange. Koma a Phiri ndawauziratu kuti kakhitchini kanga kakale kaja asakagwetse.