Alamu Anu Anasamukira Kuchipinda Chapansi

South Bend, Indiana
21 Okutobala 2013

Okondedwa Achemwali a Chrissie,

Ndikhulupirira muli bwino pamodzi ndi ana ku Dedzako. Mwakhala mukufunsa za alamu anu a Lucious, ine n'kumangoti ali bwino. Lero ndikuuzeni zonse.

Khansa ya pulositeti ija anaiwotcha ndi makina a mapulotoni, kumwera kwa Indianapolis. Ndinkayembekeza kuona munthu wopserera, koma ayi ndithu: ankagona kanthawi pamakinapo, n'kudzuka osamva kanthu, n'kukagula nyama ya mbuzi ku Lafayette Road. Mpaka lero sindimvetsa kuti chinthu chosaoneka chimadutsa bwanji khungu n'kukaima panthenda penipeni. Ndinafunsa mpaka namwino anatopa nane.

Anamaliza mu Meyi, ndipo magazi akuonetsa bwino. Chatsala n'kukodza pafupipafupi, moti zimbudzi zonse za mumsewu wa ku Indianapolis amazidziwa, chaukhondo ndi chonyansa. Masana amawodzera. Zimenezo n'zopiririka.

Chinandidya mtima n'china. Atangobwerera kunyumba anatenga bulangete n'kusamukira kuchipinda chapansi. Kapu yawoyawo, thaulo lawolawo, ndikawayandikira ankafutuka. Ndinayamba kununkhiza malaya awo ngati wapolisi, poganiza kuti apeza wina. Wina wake uti wopirira munthu woima pachimbudzi chilichonse? Komabe ndinkalira, Achemwali. Ndinkaona banja langa likutha popanda ndewu.

Mwezi watha mwana wathu Melissa anachira kamnyamata, dzina lake Chifundo. Titapita kukaona ku Beech Grove kumene amakhala, agogo ake anangoima pakhomo, manja kumbuyo.

"Adadi, mukumu-avoida bwanji mwana wanga?" anafunsa Melissa.

Iwo anati ali ndi chimfine, chimfine chosayetsemula n'kamodzi komwe. Pobwerera ndinaimika galimoto pambali.

"Bambo a Melissa, khandalo lakulakwirani chiyani? Nanga ine?"

Anayankha kuti, "Mayi a Melissa, ndine wotentha. Radiyeshoni ija ili m'thupimu. Kwathu wotentha akagwira khanda limadwala tsempho, nanga moto wa makina? Inunso ndingakupatseni khansa."

Miyezi yonseyi ankanditeteza! Ndinafunsa chifukwa chimene sanafunsire adokotala. Akuti adokotalawo ndi mtsikana wamsinkhu wa Melissa, angayambe bwanji naye nkhani za kuchipinda? Ndinaseka, misozi ili chuchuchu.

Tsiku lokaonana ndi adokotala ndinalowa nawo, poti wakwata kwa mphezi saopa kung'anima. Ndinafunsa zonse, alamu anu maso ali pansi. Mtsikanayo anati palibe chimene chimatsalira m'thupi. Zili ngati tochi, ukazimitsa basi. Anatinso mphamvu za abambo zimatha kuchepa pambuyo pa chithandizochi, ena zimabwerera, ena ayi, ndipo anawalembera timapiritsi. Ndinawauza alamu anu kuti ngakhale zikanike, bulangete libwerere kumtunda, chifukwa ine ndinakwatiwa ndi munthu yense.

Lamlungu lotsatira anamunyamula Chifundo, osafunanso kumubweza. Anamuimbira nyimbo za kwaya mpaka mawu anasasa.

Tsono pempho langa nali. Bulangete lija linabwerera kumtunda, ndipo timapiritsi tija tagwira ntchito. Dzulo tinapitanso, koma mwanayo sitinamugwire, iwo ngakhale ine. Melissa wakwiyanso, akuti makolo ake ndife osamvetsetseka, ndipo sindingathe kumufotokozera, wakulira kuno. Inu ndinu wamkulu, simufuna kuti ndichite kutchula. Mundifunsireko kwa azakhali kuti khanda limafika msinkhu uti kuti agogo ake aziligwira mosaopa, poti kudikira kukutivuta mbali zonse ziwiri.

Moni kwa ana ndi onse akumpingo amene ankatipempherera. Alamu anu akuti ndisalembe zambiri. Akuperekanso moni, ali pompano pambali panga, akumwera tiyi m'kapu yanga.

Ndine mng'ono wanu,
Vainess