Makushoni apita ku Mpanshya

Atate ake Levy,

Mukapeza mipando ili mafupa okhaokha musaitane anthu, sikunabwere akuba. Makushoni onse ndatenga ndine.

Mpongozi wanu Njavwa matenda amuyamba m'mawa uno inu muli kumunda, ndipo minibasi sinaoneke. Ba Mapalo atibwereka ngolo, koma ngolo ija ndi matabwa okhaokha, ndipo msewu wa kuchipatala ku Mpanshya mukuudziwa mmene ulili ndi mvulayi. Sindikanagoneka mwana wa eni pathabwa ali ndi pakati potere. Ena ndayala pansi, ena ndatchinga m'mbali kuti asagunde msana. Pilo wanu nayenso wakwera ngolo.

Ndikudziwa mumati makushoniwa ndi a alendo, mpaka mapulasitiki simunachotse chigulireni. Pepani. Mwina abwerako osaoneka bwino.

Muimbireni Levy ku Lusaka. Mumuuze kuti mkazi wake akuyankhula bwinobwino, koma akwere basi lero lomwe, asadikire Loweruka. Mbuzi sindinazitsegulire.

Zokalipa sungani, mudzandikalipire mawa kuchipatala. Kalatayi ndalemba tili kale panjira, ndiye pobwera munyamule bulangete ndi zitenje zili m'sutikesi. Pothamanga ndakumbukira msana wa mayi, ndaiwala chofunda cha mwana.

Amake Levy