Pepala la Ajeremani Pakhoma la Amayi

Chibanja, Mzuzu
3 Julaye 1961

Okondedwa achimwene a Hudson,

Moni kuchokera kuno kozizira. Muli bwanji ku Dar es Salaam, pamodzi ndi alamu ndi ana? Ife tilipo. Amayi ayamba kudya pang'ono, ngakhale kuti mpando wa abambo sakulola munthu kukhalapo.

Achimwene, ndasokonezeka mutu. Mukukumbukira pepala la Chijeremani lija lokhala m'galasi pakhoma, lokhala ndi chidindo cha chiwombankhanga? Tonse tidakula tikudziwa kuti ndi satifiketi ya ntchito imene abambo adalandira ku Langenburg, m'dziko muli inumo, nkhondo ya Ajeremani isanayambe. Amayi akhala akulionetsa kwa alendo zaka makumi anayi.

Sabata yatha anandituma kuti ndipeze wolimasulira, kuti mkulu wa mpingo, a Overtoun, adzaliwerenge pa mapemphero okumbukira abambo pa 16. Inu mudziwa kuti mabuku ndimawerenga, koma Chijeremani ayi. Ndinapita kwa wansembe wina wa Akatolika wochokera ku Jeremani, ndikuyang'ana uku ndi uku kuopa kuonedwa ndi amayi a Umanyano, bungwe la azimayi a mpingo wathu.

Anawerenga nthawi yaitali, navula magalasi, nandifunsa dzina la amayi. Nditayankha kuti Nelia, anandipatsa mpando.

Achimwene, si satifiketi ayi. Ndi pempho. M'chaka cha 1912 abambo adapempha boma la Ajeremani kuti awalole kukhazikika m'dera lija ndi kukwatira mkazi dzina lake Tumpale. Palembedwa kuti Zebedee, abambo athuwo, ndi munthu wolimbikira ntchito, wosamwa, ali ndi nyumba yakeyake, ndiponso kuti mwana wamkazi wabadwa kale.

Ndinafunsa ngati adawalola. Wansembeyo anati yankho silili pamenepo. Anati kwawo, nthawi ya agogo ake, mmphawi sankakwatira popanda pempho lotere, ndipo mayankho ankasungidwa m'mafailo a boma. Akuganiza kuti mafailo ena a Ajeremani adatsala kwanuko.

Ndiye ndikudzifunsa: adawakaniza? Nkhondo idawalekanitsa? Nanga munthu wobisa chinthu angachipachike pakhoma? Kapena abambo sadaname konse, ife tidangoona chidindo n'kudzipangira nkhani, iwo n'kungokhala chete monga mwa khalidwe lawo? Ndawasambitsa miyezi isanu akudwala, ndimayesa kuti ndawadziwa.

Tsopano ndiulule. Nditafika kunyumba amayi anandifunsa zimene lanena. Ndinati lanena kuti anali wolimbikira ntchito ndi wosamwa. Si bodza, koma mudziwa chimene ndinachita. Iwo anaseka koyamba chichitikireni maliro, nati ngakhale Mjeremani adaona. Anakauza Nyachirwa woyandikana nafe, amene anayankha kuti n'zonyaditsa chomene, ndipo pano Chibanja yense wamva.

Dzulo amayi anandifunsa chifukwa chake pepala lodzaza chonchija latulutsa mawu awiri okha. Ndinati Ajeremani amazungulira polankhula. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati ndilembe lonse m'Chinyanja, mzere ndi mzere, a Overtoun adzatenge Loweruka pa 15.

Ndikupempha ziwiri. Pitani ku maofesi a boma mukafunse mafailowo, dzina ndi Zebedee wa ku Dowa, Langenburg, 1912. Ngati mwanayo ali moyo ali ndi zaka pafupifupi makumi asanu, ndipo sakudziwa kuti bambo ake tawaika.

Chachiwiri, nditumizireni telegalamu yondiuza chochita, inu ndinu wamkulu. Koma ndikuuzeni: bodza loti likawerengedwe m'tchalitchi sindilemba. Mukapanda kuyankha pofika Lachisanu pa 14, ndidzatseka chitseko, ndidzakhala pansi pa mapazi a amayi, ndi kuwauza dzina la Tumpale ndekha.

Mundiperekere moni kwa alamu a Winifred, kwa Stella ndi kakhanda kamene sindinakaone. Ambuye akusungeni, ndipo mutikumbukire tsiku limenelo.

Ndine mlongo wanu,
Dinah