Chenjezo Lofiira pa Laputopu ya a Mhango

Lachinayi, ku Nkhulambe. Kunatentha, koma ndabwerera kunyumba ndikuimba mluzu.

Vuto la chenjezo lofiira lija latha. Webusaiti imene ndinapangira gulu lathu la alimi a nandolo imachoka ku seva, kompyuta yoisunga, itapangidwa kale, kenako bulawuza, pulogalamu yotsegulira masamba a pa intaneti, imaipanganso n'kufananitsa ziwirizo. Zikasiyana, imatulutsa chenjezo. Pa kompyuta yanga webusaitiyo siinkavuta, koma pa laputopu ya a Mhango, alangizi athu a zaulimi, inkafiira nthawi zonse. Pamsonkhano wapitawu mayi Asiyatu, apampando a gulu, anati, "Mwana wanga, ngati zakukanika, tibwerere ku mauthenga a pafoni." Zinandiwawa.

Lero ndinapalasa njinga kukakhala pambali pa a Mhango. Ndadzionera ndekha kuti bulawuza yawo imamasulira yokha tsamba lililonse m'Chingerezi. Imasintha mawu anga a Chichewa kufananitsa kusanathe. Khodi yanga, malangizo amene ndinalembera kompyuta, inalibe mlandu!

Ndinafuna kungotseka machenjezo onse, koma ndinadziletsa, chifukwa mawa vuto lenileni lingabisale momwemo. Ndinangowonjezera mzere umodzi wouza bulawuza kuti isamasulire tsamba lathu. Titatsegulanso, kufiira kunalibe.

A Mhango anawerenga mitengo ya nandolo m'Chichewa. Kenako anati, "Achimwene, Chingerezi chophotchoka chija ndimayesa munalemba ndinu. Ndimangokumverani chisoni."

Ndiye nthawi yonseyi bambo ameneyu ankandimvera chisoni, osandiuza! Mawa ndikawaonetsa mayi Asiyatu, ndipo akangotchulanso za mauthenga a pafoni...