Mkaka wa Bwana Chimimba

Lolemba, 5 Ogasiti

Bambo a mwana abanikanso. Kuchoka pabedi kufika pakhomo, wefuwefu ngati awathamangitsa agalu. Munthu amene ankanyamula chiliza yekha paphewa! Mawa kuchipatala, afune asafune.

Lachiwiri, 6 Ogasiti

Adokotala anapachika chithunzi cha m'chifuwa pagalasi lowala. Mapapo onse awiri mawangamawanga. Akuti ndi fumbi la miyala yomwe akhala akudula kosema ziliza kuja. Ine pakamwa yavuyavu: "Koma adokotala, amamwa mkaka tsiku lililonse. Abwana awo amagawa poweruka kuti utsuke fumbi m'chifuwa."

Anandiyang'ana kaye, kenako n'kujambula papepala. Pakhosi pali njira ziwiri. Yakutsogolo ndi ya mpweya, imagawikana ngati nthambi mpaka kufika m'timatumba ting'onoting'ono momwe mpweya umalowera m'magazi. Yakumbuyo ndi ya chakudya, yopita m'mimba. Mkaka kwake, fumbi kwake, sizikumana n'komwe. Fumbi likafika m'timatumbamo limasiya zipsera, ndipo chipsera sichipuma, sichichokanso.

Ndiye kuti zaka zonsezi timangotsuka mimba. Ha!

Lachinayi, 8 Ogasiti

Bwana Chimimba anabwera kudzazonda. Tangoganizani mphatso yake. Mkaka, katoni yathunthu! Iye kampango pamphuno, kuopa chifuwa cha wantchito wake. "Muzimwa, mdala, mulimbe." Bambo nawo "zikomo bwana" uku akutsokomola. Mtima unandiwawa moti tiyi yemwe sindinamupatse.

Lachisanu, 9 Ogasiti

Kani Bwana Chimimba anabwera kudzatenga mwana wanga. Wamupatsa makina odulira miyala a bambo ake, ati kutithandiza. Mwana mmodzi yekhayo! Lero wafika mbuu, nsidze zomwe zoyera, kapaketi ka mkaka m'thumba.

Ndinamufotokozera za njira ziwiri zija. Iye kuseka. "Amayi, mwasanduka dokotala liti? Nanga tidya chiyani?" Akuti kuthira madzi pamwala podula kuti fumbi lisauluke kumachedwetsa ntchito, bwana sakufuna. Zophimba pamphuno zilipo ziwiri, amazitulutsa kukabwera alendo.

Loweruka, 10 Ogasiti

Ndalankhula naye mwanayu mpaka malovu kuuma. Anangotseka chitseko.

Lolemba, 12 Ogasiti

M'mawa mwana akuvala majombo, bambo ake anamuitana. Mawu amodzi, kupuma, ena, kupuma. "Bweretsa machesi."

Bambo anayatsa kamtengo kamodzi, n'kukaika pafupi ndi milomo yawo. Anauzira. Moto unangopendekeka pang'ono n'kuimanso. Anauziranso, misempha ya m'khosi kutuluka. Ayi ndithu. Unayaka mpaka kuwaotcha zala, osautaya, maso ali pa mwana.

Panja galimoto ya kuntchito inaliza hutala. Mwana anakhala pansi pafupi ndi bedi, jombo imodzi kuphazi, ina m'manja. Galimoto inalizanso kawiri, kenako ndinaimva ikunyamuka.

Mpaka pano sanavale jombo inayo.