Chikho Chosakhazikika

Faversham, Kent
9 Novembala 2018

Okondedwa achimwene a Desmond,

Ndikhulupirira muli bwino ndi alamu ku Canada konko. Kuno mvula siikukata, ndipo nkhani ndili nayoyi si yabwino.

Mukudziwa kuti chimwalirire amayi, bambo ankangobindikira kuchipinda. Anawatulutsa ndi anthu ofukula zakale amene akukumba m'munda wathu wa maapozi, momwe apezamo manda a makolo akalekale aja, Aangulo-Sakisoni. Mayi Pettman, amene akutsogolera ntchitoyi, anawamvera chisoni bambo n'kuwapatsa beseni ndi kaburashi kuti azitsuka mapale. Mukanawaona, achimwene. Ankalawirira ngati olembedwa ntchito, mpaka ine ndinayamba kudzinamiza kuti kuiwalaiwala kuja kwachepa.

Sabata yatha anafukula manda a mzimayi. Chakumutu kwake kunali chikho chagalasi chobiriwira, chathunthu, chachitali, chosongoka kunsi. Anatiitana kuti tidzaone.

"Nanga chimenechi amachikhazika bwanji?" bambo anafunsa.

"Sichikhazikika, a Hogben," anayankha Mayi Pettman. "Ukachinyamula umwe mpaka zithe, kenako uchivundikire."

"Ndiye anali zidakwa zotheratu anthu amenewa," bambo anatero, tonse n'kuseka.

Galasi lotere silitsukidwa. Amalisiya ndi dothi lake lonyowa, n'kulikulunga bwinobwino kudikira akatswiri. Bambo anauzidwa zimenezi ine ndikumva. Koma masana anthu atapita kukamwa tiyi, anachiona chili matope okhaokha m'bokosi, ndipo paja ntchito yawo ndi yotsuka. Anabwera nacho kukhitchini. Ndinawapeza atachitsuka kale ndi madzi otentha, akuchiimika patebulo. Ndisanatsegule n'komwe pakamwa, chinagubuduka.

Chinthu chakhala m'dothi zaka zoposa chikwi osang'aluka, chadzaswekera m'khitchini mwathu.

Mayi Pettman sanakalipe, akanakalipa mwina zikanandipepukira. Anatola zidutswazo atagwada, n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Rowena, asamabwerenso kumunda. Pepani."

Bambo sakukumbuka kanthu. M'mawa uliwonse amavala majombo, ine n'kumawanamiza kuti lero sakukumba chifukwa cha mvula. Dzana anazemba ndili m'bafa. Anawapeza ndi bambo wa positi kumsewu wa ku Canterbury, atanyoweratu, beseni lili m'manja.

Ndatopa, achimwene, ndipo ndili ndi mantha. Munkanena zoona za nyumba yosungira okalamba ija, ngakhale ndinakulalatirani pafoni. Malo apezeka, akuti tipite nawo bambo Lolemba. Ndine amene ndinalonjeza amayi kuti bambo adzatsikira kulichete ali m'nyumba mwawo, inu muli kutali, ndiye musandilembere zoti ndachita bwino. Ingobwerani pa Khirisimasi mudzawaone.

Iwo ndawauza kuti Lolemba tikupita kumalo ena okumba. Asangalala kwambiri, mpaka andipempha kuti ndiwamete.

Moni kwa alamu ndi ana. Bambo nawonso akuti moni, ngakhale anayamba andifunsa kaye kuti Desmond ndi ndani.

Ine mlongo wanu,
Rowena