Zimene munauza mayi busa

Wagga Wagga
14 Ogasiti

Okondedwa achemwali anga a Salanieta,

Muli bwanji kumeneko ku Savusavu pamodzi ndi alamu ndi ana? Nanga bondo la amayi lija likupezako bwino? Ife kuno tilipo, kungoti kwazizira kwambiri. Alamu anu a Ilaitia ali bwino, akadali pantchito yawo ija ya kophera ng'ombe.

Mudabwa kuti ndalemba kalata pomwe foni ilipo. Ndaopa kuti ndikamva mawu anu ndiyamba kulira, ndiye zimene ndikufuna kunena sizituluka.

Mukukumbukira mmene ndinalili nditapita padera mu Malichi muja. Sindinkadya, tulo tinandithawa, ndinkangokhala ndi kuyang'ana khoma. Adokotala ananditumiza kwa mayi wina wopereka uphungu, dzina lake Bronwyn. Ndinapita monyinyirika, koma iye sanandiuze zazikulu ayi. Anati mmawa uliwonse ndiziyenda m'mbali mwa mtsinje, ndisamapite kuntchito ndi njala, ndipo ndikaweruka ndizilemba m'kope zimene zandilemera tsikulo. Anatinso ndiphunzire kukana, chifukwa si misonkhano yonse ya azimayi imene ingalephereke ine Unaisi ndikapanda kubwera.

Zinayamba kundithandiza, achemwali. Tsiku lina ndinaphika nsomba ya kokonati ndi chinangwa, ndinamaliza mbale yonse, mpaka a Ilaitia anaseka nati mkazi wawo wabwerako kumene anapita.

Zonsezi ndinauza inu nokha. Ndinakuuzaninso chimene ndinabisira ngakhale mwamuna wanga, choti mu Epulo ndinaima pamlatho nthawi yaitali ndikuganiza zodzitaya. Munalumbira kuti sizidzatuluka pakamwa panu.

Lamlungu la sabata yatha, mapemphero atatha, mayi busa anandiitana kutsogolo. Ine ndimayesa ndi nkhani ya kwaya. Ananena pamaso pa mpingo wonse kuti achemwali anga anawaimbira kuchokera ku Fiji, kuti mzimu wa imfa wandilowa, ndipo mmalo mogwada ndikumakakhuthula zakukhosi kwa mzungu. Za pamlatho anatchulanso. Anthu asanu anandisanjika manja pamutu, uku akufuula. Ine ndinkangoona nsapato zawo.

Tikumwa tiyi, Vasemaca, uja wa ku Bua, anandifunsa mokweza ngati mzungu wanga wandiuzanso kuti ndizipuma mpweya kangati patsiku. Wina anati kwathu munthu akalawira amabwera ndi nsomba kapena nkhuni, koma ine ndimabwera kuchokera kumtsinje chimanjamanja ngati galu wosokera. Onse anaseka. Nanenso ndinaseka, achemwali, poti ndinasowa poika nkhope.

Paja Vasemacayo timagwira limodzi kunyumba yosamalira okalamba. Lachiwiri abwana anandiitana mu ofesi. Anayankhula mwaulemu ndithu, nati amva kuti sindili bwino, choncho ndisiye kaye kupereka mankhwala kwa agogo aja. Zaka zisanu ndi ziwiri sindinasokonezepo ngakhale piritsi limodzi. Pano ntchito yanga ndi kupinda zofunda.

Chimene chikundiwawa koposa ndi a Ilaitia. Za pamlatho anazimvera kutchalitchi. Titafika pakhomo anandifunsa kuti kodi iwo ndi ndani kwa ine, ngati za mkazi wawo azizimva limodzi ndi ana a Sande sukulu. Akulu a mpingo anawauzanso kuti mwamuna weniweni akanandiletsa kale kupita kwa Bronwyn.

Masiku anayi sindinapite kumtsinje. Ndinkadya moumirizidwa, ndipo khoma lija ndinayambanso kuliyang'ana. Lachisanu mmawa a Ilaitia anandiikira nsapato pafupi ndi bedi. Anati iwo za uphunguzo sazimvetsa ndipo mtima wawo sunaphwe, koma sakufuna kuika maliro awiri chaka chimodzi. Tinayenda limodzi mpaka kumtsinje, iwo akudandaula za chisanu njira yonse. Mawa ndikukaonana ndi Bronwyn, andiperekeza ndi iwowo.

Mwina mudzati munachita mantha. Zimenezo ndikhoza kumvetsa. Koma bwanji simunaimbire ine, kapena mlamu wanu? Mayi busa munaphunzira nawo limodzi, pakamwa pawo mukupadziwa bwino kuposa ine. Inu ndi amene munandiphunzitsa kusambira pamatanthwe paja, mukundiuza kuti ndisaope chifukwa dzanja lanu lili pansi pa mimba yanga. Ndinakula ndikukhulupirira zimenezo.

Ndikupempha zinthu ziwiri. Amayi asamve nkhaniyi kwa anthu, ndidzawauza ndekha ndikabwera pa Khirisimasi. Ndipo mudziwiretu kuti ndidzafikira kwa azakhali a Torika, osati kwanu. Chachiwiri, musandiimbire foni. Khalani pansi mundilembere, mundiuze chimene chinakuchititsani. Kukhululuka ndikufuna, koma sindinafikepo, ndipo sindikufuna kukunamizani.

Mundiperekere moni kwa alamu a Viliame, ndi kwa Litiana ndi Semesa, muwauze kuti mayi awo aang'ono sanawaiwale. Amayi muwauze azivala nsalu ija pabondo. Mulungu akusungeni nonse, ndi inu nomwe.

Ndine mng'ono wanu,
Unaisi